Nsapato Zanga Pageti la Makina Odula Malata

Kuno ku Sakubva, ku Mutare, amandinena kuti ndimakometsera nkhani, akuti ndikayamba kusimba za mbuzi pomaliza imakhala itamera nyanga za ng'ombe, ndipo ine sindikana, pakamwa ndinapatsidwa. Koma iyi yokha, abale anga, sindithiramo mchere. Mulungu amene ndinkamugwadira masana amenewo ndiye mboni yanga, ndipo wokayika abwere kwathu ndidzamutulutsire mpango umene ndinavala tsikulo, uli pansi pa sutikesi, wochekeka ngati telala anaudutsitsa sizasi. Cholembera sindinachigwirepo chibadwire, dzanja likulemba apali ndi la wina, koma mawu onse ndi anga. Maina sinditchula, ngakhale la fakitale, eni ake akudzidziwa okha.

Ine ndinabadwira pafamu ya nthochi ku Burma Valley. Bambo anga anachokera ku Mangochi wapansi ali mnyamata, amayi anga anabadwira pakomboni pomwepo, ndipo ine ku Malawi ndimangokumva m'nyimbo za paukwati. Mafamu atasintha eni ake, anatiuza kuti ntchito yatha, aliyense apite kwawo akapume. Kwathu kwake kuti, pamene mchombo wanga anaukwirira pansi pa nthochi zomwezo? Tinakwera lole ndi mphasa zathu, malemu amuna anga atakumbatira wailesi, ine nditakumbatira mdzukulu, ndipo tikukwera chitunda ndinacheuka n'kulumbira mumtima kuti kusamutsidwa kwanga n'komweku, wina sadzandinyamulanso ngati thumba la feteleza. Lumbiro limeneli mulisunge, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Ku Mutare kuno ndinapeza ntchito yosesa pafakitale ina ya malata ku Paulington, kumene amapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, matanki a madzi, mawilibala ndi zina zotero. Makina a nthawi imeneyo anali ankhanza, sindikubisa, amuna angapo ankagwira kapu ya tiyi ndi zala zoperewera. Koma anali makina osabisa mtima. Chimpeni chodulira malata chinkatsika munthu akaponda chitsulo ndi phazi, akachotsa phazi nacho chaima, ndipo magetsi akazima chinkafa ndithu, mpaka anthu ankayanikapo maovololo. Kuseri kwa sitolo kunali kachipinda kamene ife amayi tinkasinthiramo zovala, ndipo ine, poti ndine Msilamu, ndinkaswaliramo swala ya masana. Kanalibe loko. Loko wake anali nsapato zanga. Ndikavula n'kuzisiya pakhomo, fakitale yonse inkadziwa kuti mbuya, ndimo mmene ankandiitanira kutanthauza agogo, ali ndi Mulungu wawo, ndipo palibe ankagogoda, kaya wa Roma, kaya mpostoli, kaya chidakwa cha Lolemba m'mawa. Kodi munthu woleredwa bwino amafunika kumuuza tanthauzo la nsapato pakhomo?

Panali bambo wina woyendetsa foloko, kagalimoto kaja ka nyanga ziwiri kutsogolo konyamulira malata. Chimunthu chachikulu, Mmanyika, mtundu wa eni dera lino, mpostoli wometa mpala, ndevu zofika pachifuwa. Ameneyu anandisandutsa apongozi ake popanda kundipempha, ankati adzakwatira mwana wanga wamkazi, amene anali kale pabanja ndi ana ake, ndipo malowolo adzapereka zidutswa za malata. Nsapato zanga ndiye sankazipatsa mtendere. Zinali zapulasitiki, zobiriwira, imodzi yomangidwa ndi waya, ndipo ankati wakuba akazipeza akhoza kumva chisoni n'kusiyapo zake. Ine ndinkamubwezera kuti mkamwini wamtundu wanji wolimira pampando, kwathu akanakubweza ndi mbale yako yomwe. Akati ife mabhurandaya, dzina limene amatinyozera nalo ife a makolo ochokera ku Malawi, tilibe mutupo, chiwongo cha makolo chija, ndinkamuuza kuti mutupo wanga ndi tsache, akapitiriza aulawa pamsana. Tsiku likatha tisanathirane mawu choncho, anzathu ankafunsa ngati wina wadwala.

Kenako bwana anagula makina atsopano. Anabwera m'makontena ndi msewu wa ku Beira, ndipo anthu ochokera ku Joni anakhala masabata akuwalumikiza. Anawamangira khola la waya wachikasu, lalitali kuposa munthu, la geti limodzi. M'kati mwake, mbali ina munali mulu wa malata osadula, pakati panali tebulo lalikulu pomwe kamoto kopyapyala ngati singano kankadula chitsulo ngati nsalu, ndipo pafupi ndi geti panali malo otsitsirapo zodulidwa kale. Pamwamba pa zonsezi pankayenda chimtanda chachitsulo, chotsika mpaka m'chiuno mwa munthu, chokhala ndi timilomo ta labala tambirimbiri kunsi kwake. Chinkapita pamulu, n'kuyamwa lata lathunthu, n'kukaliika patebulo, likadulidwa n'kulinyamulanso kudzalitsitsa pafupi ndi geti. Popanda munthu wogwira! Amuna ambiri anauzidwa kuti akapume kunyumba, ena mpaka lero akugulitsa matimati pamsika.

Chimene chinkandidabwitsa kwambiri n'chakuti makinawa ankalankhula ndi anthu akutali, akuti kudzera pa intaneti. Akamva kupweteka penapake ankadandaulira ku Joni kapitawo wathu asanadziwe n'komwe, ndipo wa ku Joniyo ankawachiza ali komweko, osakwera basi. Bwana ankatha kukhala pakhonde kwawo ku Yeovil akumwa tiyi, n'kumaona pafoni mmene ntchito ikuyendera. Ine ndinkaseka, ndinkati chimenechi ndi chitsulo chamiseche, munthu ukayetsemula pafupi nacho, ku Joni amva kale.

Ndiye makinawo anafuna chipinda. Ubongo wake, akuti, unali m'mabokosi akuda othwanima timagetsi, ndipo mabokosiwo sagwirizana ndi kutentha kapena fumbi. Anatulutsa zovala zathu m'kachipinda kaja, analowetsamo mabokosi, anawaikira makina oziziritsa mpweya ndi loko weniweni pakhomo. Zaka zonse zimene ndinaswalira mmenemo thukuta lili kamukamu palibe anaganizako za windo, koma bokosi linangofika n'kupatsidwa mphepo yozizira ngati ya kumapiri a Vumba! Ndinafunsa kapitawo kuti nanga ine ndiziswalira pati, iye anati Mulungu ali paliponse. Zoona, koma paliponse si poyera. Kuseri kunali zimbudzi, pabwalo panali oyilo ndi galu wa alonda, m'holo mogwirira ntchito munali maso a amuna, ndipo mkazi sawerama amuna ali kumbuyo kwake.

Masiku amenewo magetsi ankazima kawirikawiri dzuwa likafika pamutu, ndipo akazima ndiyo inali nthawi yanga yolowa m'khola muja kukasesa tizidutswa, kapitawo yemweyo ndiye anandilamula. Ndikasesa n'kukolopa, malo otsitsirapo malata aja ankayera kuposa pabalaza pa mphunzitsi. Mukanakhala inu mukanatani? Ndinayamba kuswalira pomwepo. Nsapato ndinkavula panja pa geti, geti ndinkalikoka kulitseka, chitenje ndinkachipachika pawaya kuti chinditchinge. Sindinkabisala. Magetsi akabwerera makinawo sankadzuka okha, ankadikira kapitawo kuti awadzutse pagalasi lawo lodinapo limene linali panja pa khola, ndipo poima pamenepo mapazi ake ankakhala pafupi ndi nsapato zanga. Ankandiona tsiku ndi tsiku, n'kumangoti ndimupemphereko kuti magetsi achedwe kubwera, agoneko pang'ono.

Chimene wosesa sanauzidwe, ndipo ndinachimva pambuyo pake, n'ichi. Sabata imeneyo anaika masola padenga ndi mabatire m'kachipinda kathu kaja, oti azidyetsa makina atsopano okha magetsi akazima. Anthu okwera padenga ndinawaona, inde, koma ndinkayesa akumata modontha mvula isanayambe. Ndipo anapangana ndi wa ku Joni kuti awayese masana, nthawi ya chakudya, m'holo mulibe munthu. Iye akayang'ana pakompyuta yake amaona kuti geti latsekedwa, ndipo kwa makinawo geti lotseka ndiye kuti m'kati mulibe munthu. Mwamva? Kutseka kwanga komweko, kwa ulemu wa chikazi, ndiko kunauza Joni kuti yambani.

Linali tsiku la mu Okutobala, lotentha moti malata a denga ankalira okha. Magetsi anazima, nyali za m'holo zinathima, amuna onse anatuluka kupita pansi pa mango kumsewu kumene amagula sadza, nsima ya kuno, n'kumasewera tsoro, bawo wawo. Jenereta ya fakitale yoyandikana nafe inayamba kubangula monga mwa masiku onse. Ndinasesa, ndinakolopa, tsache ndinaliimika pakona, ndinakasamba kumpopi m'manja, kumaso ndi kumapazi, ndinavula nsapato, ndinalowa, ndinatseka, ndinayala kamkeka kanga. Ndinaima, ndinawerama, ndinagwetsa mphumi pansi. Mphumi ili pansi pomwepo ndinamva pageti kuti khwa! ngati wina watembenuza kiyi. Kenako kung'ung'udza kwapansipansi, ngati njuchi zili m'mgolo. Munthu ukakhala pa swala sucheuka, ndiye ndinati ameneyu ndi Satana akufuna kundisokoneza, ayembekeze ndimalize. Ndinayamba kudzutsa mutu kuti ndikhale, ndipo mphepo inandiwomba pakhosi, chinthu chozizira chinandikhudza pankhongo n'kudutsa. Ndinadzigwetsa chafufumimba. Chimtanda chija chinali chikuyenda, nyali zonse zili zozima, pagalasi paja palibe munthu. Abale anga, chikanandipeza ndili chiimire, bwenzi nkhaniyi akusimba ena.

Ndinakwawira kugeti ndi mimba, ndinalikankha, lakana. Ndinalimenya ndi phewa, lakana. Apo m'pamene ndinadziwira kuti khwa uja anali loko, makinawo akayamba ntchito amadzitsekera okha kuti munthu asalowe, ndipo za munthu wofuna kutuluka palibe anaziganizira. Batani lofiira loimitsira linali panja, pamzati wa geti, ndinkaliona bwinobwino, koma mabowo a wayayo ankangolowa zala. Kothawira kunalibe. Mbali iyi mulu wa malata wothinana ndi waya, mbali iyo tebulo la moto, malo okwana munthu anali omwe ndinayalapo mkekawo, ndipo amenewo ndiwo anali otsitsirapo. Kayendedwe kake ndinkakadziwa, ndinali nditakaonerera miyezi yambiri nditatsamira tsache. Kunyamula, kuika patebulo, kudula, kenako kubwera nalo kuno. Ndinaona timilomo tija tikupsompsona lata lochindikala, la mtundu wopangira matanki, limene amuna amalinyamula angapo akutukwana. Linakagona patebulo. Kamoto kanayaka.

Ndinakuwa m'Chichewa, ndinakuwa m'Chishona, mpaka Chiyao cha bambo anga chimene ndinkayesa ndinaiwala chinatuluka chokha. Jenereta ija inameza zonse. Tsaya lili pansi, ndinkaona kunsi kwa geti nsapato zanga zitakhala bwinobwino moyandikana, zikugwira ntchito yake, kuuza aliyense kuti muno muli munthu. Koma zinkauza ndani?

Mantha anga enieni sanali imfa ayi, imfa tonse ikutidikira. Ndinaganiza za amayi anzanga a kumzikiti amene timasambitsa nawo maliro. Ine ndasambitsa ambiri, ndimadziwa mmene timamutembenuzira munthu mofatsa, mmene timamukonzera tsitsi, mmene timamukulungira m'sanda. Ndinati nanga ine adzasambitsa chiyani? Adzandipala pasimenti ndi fosholo? Pomwepo mantha anasanduka ukali. Ndinachiuza chitsulocho mokweza kuti ku Burma Valley anandichotsa anthu okhala ndi nkhope, iwe ulibe ngakhale nkhope, ine ndinafika pafakitale pano iwe usanasungunulidwe n'komwe, chipinda changa unatenga, pano pokha sindikupatsa. Mukuseka? Sekani, koma ndinanena. Ndinakoka tsache, mutupo wanga uja, n'kuyamba kumenya waya ndi mpini wake kuti mwina wina amve. Kamoto katazima, chimtanda chitanyamula lata lija n'kuyamba kubwera, ndinaimika mpiniwo kuti ndichitchinge. Unathyoka ngati phesi. Ndipo poti ndinali nditadzutsa mutu, m'mphepete mwa lata munadutsa pamutu panga n'kucheka mpango, tsitsi lina n'kupita nawo.

Linafika pamwamba panga n'kuima. Kunada ngati mtambo wa mvula. Linali lotentha, likununkha chitsulo chopsa. Kenako linayamba kutsika, mosafulumira, mwaulemu, ngati mayi akugoneka mwana. Ndinadzipapatiza pansi, ndinatembenuzira nkhope kumene timaloza poswali, n'kuyamba kunena mawu amene Msilamu aliyense amafuna kuti akhale omaliza pakamwa pake. Linatsala poti ndikanatambasula mkono ndikanaligwira. Ndipo linaima.

Amene analiimitsa anali mkamwini wanga uja. Akuti ndiwo za tsiku limenelo zinali zozizira, ndiye anabwerera kudzatenga kabotolo kake ka tsabola kamene ankabisa pansi pa mpando wa foloko. Polowa anaona makina akuyenda, sanadabwe kwambiri, iye za masola anali atamvako. Kenako maso ake anagwera pa nsapato zimene ankazinyoza tsiku ndi tsiku. Anathamanga, chimunthu chonse chija, n'kudzigwetsa pabatani lofiira ndi chifuwa chomwe. Koma sizinathere pamenepo. Makina ataima, mpweya umene unkagwira lata unayamba kutuluka, psiii, ndipo ndinkamva timilomo tija tikulekerera kamodzikamodzi, lata likupendekeka. Geti linakanabe kutseguka. Ndinamumva akukuwa kuti apongozi pindani miyendo, musadzutse mutu, ndipo musafe chifukwa malowolo sindinamalize. Analiza foloko, anabaya geti ndi nyanga zija, anabwerera m'mbuyo n'kulizula ndi mizati yomwe, anabweranso n'kulowetsa nyangazo pakati pa msana wanga ndi lata. Nyanga kungolowa, lata linagwerapo ndi phokoso limene khutu langa lakumanzere silinachire nalo mpaka lero. Anandikoka ndi akakolo, chinthu chimene mkamwini sachita kwa apongozi, ndipo titafika poyera anakhala pansi n'kuyamba kulira, ndevu zonse kunyowa. Ine ndiye ndinamutonthoza, ndinamuuza kuti aleke manyazi amenewo, wandipondera nsapato ndi tayala, alipira.

Amuna aja atathamangira m'holo, ena anayamba kunong'ona kuti mbuya ameneyu ali ndi mankhwala, mabhurandaya amadzutsa ndi zitsulo zomwe. Kapitawo anati iye sanadziwepo kuti ndimaswalira mmenemo, akunena akuyang'ana denga. M'mawa mwake bwana anatiitana ku ofesi. Anati akuthokoza Mulungu kuti ndili moyo, koma geti laphwanyidwa, makina aima, ndipo pageti panali chikwangwani choletsa kulowa. Ndinamufunsa kuti chikwangwanicho, poti ine sindiwerenga, chinkaletsa kuswali kokha kodi, popeza ndi tsache ankandituma momwemo? Anati ndakalamba, ndikapume kunyumba, ndipo wa folokoyo ayambe wakhala kwawo mpaka nkhani ya geti itaunikidwa. Kupuma! Mawu omwe aja a ku Burma Valley, kungoti tsopano avala tayi. Ndinaiona lole ija m'maso mwanga, ndi mphasa zake zomwe.

Ndinatuluka, ndinakakhala pansi pa mango, ndinamanga nsapato yophwanyika ija ndi waya wina. Dzuwa litafika pamutu ndinaona bwana akutsika kukalandira alendo ake kugeti lalikulu. Ndinakasamba kumpopi, ndinakwera masitepe, ndinavula nsapato pakhomo pa ofesi yake, ndinalowa, ndinatseka, ndinayala mkeka pakapeti. Mayi wa pa telefoni, mlembi wa bwana, anangogwira pakamwa. Ndinayamba ndi swala imene chitsulo chinandidula dzulo lake, kenako ya tsikulo, ndipo sindinafulumire. Ndinamva mapazi akukwera, mawu a bwana ndi alendo, kenako zii. Mayi uja anandiuza pambuyo pake kuti bwana anatambasula dzanja kuti agwire chitseko, anayang'ana pansi, n'kulibweza m'thumba. Anaima panja pa ofesi yake yomwe, alendo ali kumbuyo kwake, mpaka ndinamaliza. Nditatsegula ndinamuuza pamaso pa alendowo kuti mwaona bwana, inu mwaziona nsapatozi ndipo mwaima, popanda chikwangwani, popanda Chingerezi, chifukwa amayi anu anakulerani. Chitsulo chanu chija sichinaleredwe ndi munthu, ndiye musamachisiye chokha ndi anthu. Ndipo poti chipinda changa munapatsa mabokosi, khola munapatsa Joni, ine ndiziswalira muno, kapetiyu ngwofewa bwino m'mawondo.

Mawa lake ndinabweranso. Mlonda anali atauzidwa kuti asandilowetse, koma nditafika anapezeka akumanga chingwe cha jombo yake, ndipo anachimanga nthawi yaitali. Tsiku linalo ndinabwera ndi amayi anzanga osambitsa maliro aja, ndinati abwere aone pamene akanadzandipala. Nsapato zinandandalika pakhomo pa bwana mpaka kutsika masitepe, ndipo iye anagwirira ntchito m'galimoto.

Pomalizira pake anandiitana n'kundipatsa foni, akuti wa ku Joni akufuna kulankhula nane. Ine ndinkayembekezera mawu a chibambo chonenepa, koma anali mawu a mayi, khanda likulira kumbuyo kwake, mayi wa pa telefoni akumasulira. Anati kwa iye zonse zinkaoneka bwino, geti lotseka, kamera ikuonetsa tebulo lopanda munthu, ndipo chichitikire zimenezi chakudya sichikulowa. Ndinamuuza kuti adye, mwanayo akufuna mkaka, ine sindinafe, koma asadzadzutsenso chitsulo chimene sakuchimva fungo asanafunse munthu wamaso amene waima pafupi nacho. Anavomera akulira.

M'kachipinda kakale mabokosi sanatuluke, alimo mpaka lero akupuma mphepo yawo. Koma owotcherera anandimangira kena kuseri kwa holo ndi zidutswa za malata, kokhala ndi windo, ndipo mkamwini wanga atabwerera pantchito anati malowolo aja ndi amenewa, ndimupatse mkazi wake. Geti latsopano analiika chotsegulira cham'kati, ndipo aliyense wolowa m'khola anapatsidwa loko wakewake woti azikhoma pachozimitsira chachikulu, cha magetsi ndi cha mabatire chomwe. Ndinasesa pamenepo mpaka mawondo anga okha anati basi. Ndinachoka tsiku limene ndinasankha ndekha, ndi miyendo yanga, osati palole.

Tsopano ena amanenabe kuti zinali ziwanda, ena amati Mulungu anandipulumutsa chifukwa anandipeza mphumi ili pansi. Kuti anandipulumutsa ndikuvomera ndi mtima wonse, koma anadzera mwa mpostoli wofuna tsabola, amene ankadziwa nsapato zanga chifukwa chozinyoza. Chiwanda m'makina muja munalibe. Chiwanda chimakudziwa dzina, chimakuda. Chija sichinkandida n'komwe, sichinkadziwa kuti ndilipo, ndipo zimenezo ndizo zimandidzutsa tsitsi. Mpaka lero wina akatembenuza kiyi kumbuyo kwanga, khosi limawerama lokha.

Inu amene ana anu akugwira ntchito ku Paulington, kapena anawolokera ku Joni komweko, muwauze kuti makina a masiku ano akakhala chete sanafe, akumvetsera munthu wina wakutali amene sakuwaona. Nyali kuzima si umboni. Asalowe asanakhome loko wawo, kiyi ali pathupi pawo, ine wanga ndinkamumanga pangodya ya chitenje. Ndipo akadzawauza kuti asunthe chifukwa bokosi likufuna malo, asunthe ngati akufuna, koma ine sindinasunthe. Nsapato zija ndikadali nazo, zonse ziwiri ndi waya wake. Ndinawauza kale ana anga kuti tsiku limene amayi anzanga adzatseke chitseko kuti andisambitse, thupi langa lonse lathunthu, adzaziike pakhomo.